Nyumba ya ku George: Amene Anaona Ming'alu Analibe Mawu

Pa 6 May 2024, nthawi itangopitirira 2 koloko masana, nyumba ya nsanjika zisanu imene inali kumangidwa mu msewu wa Victoria mu mzinda wa George, m'chigawo cha Western Cape ku South Africa, inagwa yonse m'kamphindi, nikwirira anthu amene anali kugwiramo ntchito. Pa malopo panali anthu 62, ndipo mwa iwo 34 anataya moyo. Ochuluka a anthuwa sanali mbadwa za dzikolo ayi. Anali alendo ochokera ku Mozambique, ku Zimbabwe, ku Lesotho ndi kuno ku Malawi, kotero kuti maliro a ku George analiridwa ndithu m'midzi ina ya dziko lino. Mwa akufawo munalinso amayi.

Nkhani ya nyumba imeneyi yakambidwa kwambiri monga nkhani ya konkire wosalimba ndi ya injiniya wosayenera ntchito yake, ndipo zimenezo nzoona. Koma munthu wowerenga mofatsa zimene ofufuza anapeza adzaona kuti pansi pa zolakwa zonsezo pagona cholakwa china chimene sichiyesedwa ndi makina. Nyumbayo inachenjeza nthawi yaitali isanagwe, ndipo anthu amene anayamba kuona machenjezowo ndiwo amene mawu awo sanali kulemera kanthu pa malopo. Masiku ano atsogoleri a ntchito yomanga m'mayiko ambiri ali kunena za makhalidwe a pa ntchito olandira munthu aliyense, ndiponso za chitetezo cha anthu a ntchito, ngati kuti ndi mitu iwiri yosiyana. Zochitika za ku George zisonyeza poyera kuti ndi mutu umodzi.

Anthu osawerengedwa

Ntchito yopulumutsa anthu itayamba, funso loyamba la opulumutsawo linali lapafupi: kodi pansi pa mulu uwu pali anthu angati? Yankho lake linavuta modabwitsa. Poyamba kunalengezedwa kuti pa malopo panali anthu 75. Patapita masiku owerengeka chiwerengero chinakwera kufika pa 81. Pamapeto pake, mabuku atafanizidwa ndipo mulu wonse utachotsedwa, kunapezeka kuti anali 62. Ntchitoyo inatsekedwa pa 17 May, itatenga maola okwana ngati 260, ndipo zogumuka zimene zinachotsedwa zinaposa matani 6,000. Mtsogoleri wa dziko la South Africa, Bambo Cyril Ramaphosa, anakayendera malowo kutatsala tsiku limodzi kuti ntchito itsekedwe.

Ena adzayesa kuti kusokonekera kwa chiwerengero ndi kanthu kakang'ono pa tsoka lalikulu lotere, koma sikuli tero. Wopulumutsa anthu ayenera kudziwa nthawi yoleka kukumba ndi manja ndi kuyamba kukumba ndi makina olemera, pakuti makina angathe kupha munthu amene akali ndi moyo pansi. Ku George komweko mmisiri wina woika matailosi anatulutsidwa wamoyo pa 11 May, atakhala pansi pa konkire maola 118. Dzina limodzi losowa m'kaundula lingathe kufulumizitsa makina pamene pakali munthu. Dzina limodzi lowonjezera lingathe kusungitsa banja pa mpanda masiku khumi, lili kudikira munthu amene sanapiteko ku ntchito tsiku limenelo.

Chifukwa chake cha chisokonezo chotere chipezeka m'kayendetsedwe ka ntchito yomanga masiku ano, ndipo sichili ku South Africa kokha. Mwini nyumba apatsa ntchito kontilakitala wamkulu. Iyeyu agawira ntchitoyo makontilakitala ang'onoang'ono: wa njerwa, wa pulasitala, wa magetsi, wa mapaipi, wa matailosi, wa zosesa ndi kukolopa. Aliyense wa awa abwera ndi anthu ake, ena olembedwa pamwezi, ena aganyu otoledwa m'mawa womwewo pa mphambano. Motero pa malo amodzi pakhala mabwana asanu kapena khumi, aliyense ndi kabuku kake m'thumba, ndipo palibe mmodzi amene adziwa anthu onse. Munthu wapansi penipeni, wosenza njerwa kapena wokankha wilibala, adziwika kwa kapitawo wake yekha, ndipo kawirikawiri adziwika ndi dzina loyamba kapena lachipongwe chabe. Munthu amene sanalembedwe polowa pachipata sadzafunsidwa maganizo ake pa za chitetezo, ndipo akavulala, iye kapena mkazi wake wamasiye adzavutika kusonyeza kuti anali wantchito wa pamenepo pofuna chipukuta misozi.

Chichewa chinafunika mochedwa

Pali chinthu china chimene chinachitika m'masiku a kukumbawo chimene owerenga a kuno ayenera kuchisunga. Khonsolo ya mzinda wa George inalengeza kuti ili kufuna mwamsanga akatswiri otonthoza ndi kulangiza anthu amene adziwa kulankhula Chichewa, Chipwitikizi ndi Chishona, kuti athandize opulumuka ndi mabanja awo. Pempho limeneli linali labwino ndi laulemu, ndipo khonsoloyo iyenera kuyamikidwa. Komabe lidzutsa funso lowawa. Ngati anthu amenewa sanathe kufotokoza chisoni chawo popanda womasulira, kodi anali kufotokoza bwanji mantha awo m'miyezi yonse imene nyumba inali kukwera? Khutu lomva Chichewa linafunidwa nyumba itagwa kale, pamene likadathandiza koposa nyumba ili chiimire.

Akuluakulu amene anapita ku Joni pa Wenela akumbukira chilankhulo cha m'migodi chotchedwa Fanakalo, ndi mbale wake Chilapalapa wa ku Rhodesia. Chilankhulo chimenechi chinali chokwanira bwino pa kulamula: nyamula, bweretsa, fulumira, leka. Pa kufotokoza kuti thanthwe la kumwamba lamveka mwachilendo lero, kapena kuti mtima wa munthu uli kukayika ndi mtengo wochirikiza denga, chinali chosauka. Mawu anali kutsika kuchokera kwa bwana kupita kwa wantchito, koma njira yokwerera inali yopapatiza. Chilankhulo chimenecho chili kutha, koma khalidwe lake likadalipo pa malo ambiri omanga, kumene wantchito aphunzira mawu okwanira kumva lamulo, osafika pa mawu okwanira kutsutsa lamulo loipa.

Zimene ofufuza anapeza

Mu April 2025, Nduna yoona za malo okhala anthu m'dzikolo, Mayi Thembi Simelane, inaulula zofufuza za bungwe lolembetsa omanga nyumba la National Home Builders Registration Council. Kunapezeka kuti nyumbayo inalembetsedwa mosatsata dongosolo, ndipo antchito ena a bungwelo anaimitsidwa pa ntchito. Mu July chaka chomwecho Nduna ya ntchito za Boma ndi zomangamanga, Bambo Dean Macpherson, inapita ku George kukaonana ndi mabanja ndi kulengeza zimene anapeza mabungwe awiri, la Council for the Built Environment ndi la Engineering Council of South Africa. Mawu aakulu a Ndunayo anali akuti ngozi imeneyi inali yopeweka kotheratu.

Mbali ina ya zopezekazo ndi ya akatswiri. Mphamvu ya konkire iyesedwa ndi muyeso wotchedwa megapascal. Pamene panafunika konkire wa pakati pa 19 ndi 25, amene anathiridwa anali wa 13 chabe. Nthaka ya pamalopo siinafufuzidwe mokwanira. Injiniya amene anapatsidwa udindo wa mafupa a nyumbayo analibe luso lokwanira nyumba ya msinkhu wotere, ndipo bungwe la mainjiniya linamchotsa m'kaundula wake.

Koma mbali imene iyenera kuimitsa munthu ndi yotsatirayi. Madandaulo a chitetezo anayamba kumveka kale mu 2023. Anthu a pa ntchito anaona ming'alu m'nsanamira. Anamva silabu, ndiye denga la konkire lija logawa nsanjika, ili kunjenjemera mwachilendo. Ming'aluyo itanenedwa, lamulo limene linatuluka linali lakuti imatidwe ndi matope a mchenga ndi simenti, monga munthu amene aphimba chilonda chonyeka ndi nsalu yoyera. Kutatsala masiku awiri kuti nyumba igwe, kugwedezeka kunamvekanso pa silabu ya pamwamba. Ndipo choposa zonse, katswiri amene analembedwa kuti aziyang'anira umoyo ndi chitetezo cha antchito anatula pansi udindo wake ntchito ili pakati, nanena kuti sangathenso kutsimikiza kuti anthu ali otetezeka. Ntchito inapitirira ngati kuti palibe chachitika.

Apa mpofunika kuchedwapo. Pa malo amenewa chidziwitso sichinasowe. Maso analipo, ndipo anaona. Pakamwa panalipo, ndipo ena ananena. Chimene chinasowa ndicho njira yonyamula mawu kuchokera kwa woona kufika kwa munthu wokhala ndi mphamvu yoimitsa ntchito, ndiponso munthu wamphamvuyo wofuna kumva. Ngati katswiri wophunzira, wokhala ndi mapepala ake, anafika potaya mtima ndi kuchoka, nanga mnyamata wosenza matope, wolipidwa pa tsiku, wokhala m'dziko la eni, akadachita chiyani? Katswiri anali ndi kwina kopita. Mnyamatayo anali ndi lendi yoti alipire, ndi amayi ake kumudzi odikira ndalama ya feteleza, ndipo anadziwa bwino kuti kunja kwa mpanda kuli anzake ambiri ofuna malo ake. Mlendo amene mapepala ake sali bwino ali ndi mantha enanso, pakuti kwa iye kudandaula kwa akuluakulu a Boma kufanana ndi kudzipereka yekha. Choncho aona mng'alu m'mawa, napukusa mutu, nalowa pansi pake kukagwira ntchito.

Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Pa malo ambiri omanga, wotsina khutu ayesedwa wovuta, waulesi kapena wofuna kuutsa sitiraka, ndipo dzina lake lisowa pa mndandanda wa sabata yotsatira. Anzake aona zimenezo, naphunzira phunziro lake msanga kuposa phunziro lililonse lolembedwa pa chikwangwani cha pachipata.

Lamulo lilipo

Sikuti mayiko sanaganizepo za vuto limeneli. Bungwe la dziko lonse loona za ntchito la International Labour Organization linapanga pangano la chitetezo pa ntchito yomanga mu 1988, lodziwika ndi nambala 167. Ndime 12 ya panganolo inena kuti wantchito ali ndi ufulu wochoka pa malo pamene ali ndi chifukwa chabwino chokhulupirira kuti pali ngozi yaikulu yoyandikira, kuti adziwitse womuyang'anira nthawi yomweyo, ndi kuti wolemba ntchito aimitse ntchito ndi kuchotsapo anthu. Pangano lina lakale pang'ono, la nambala 155 la chaka cha 1981, linena kuti munthu wochoka pa ngozi motero asalangidwe. South Africa inavomereza pangano la 155 mu 2003, ndipo Boma la Malawi linalivomereza mu 2019. Mu 2022 bungwe lomwelo linaika malo a ntchito otetezeka pa mndandanda wa maufulu oyambirira a munthu aliyense wogwira ntchito. Ku South Africa komweko lamulo la m'migodi la 1996 linapatsa wokumba mgodi ufulu wotuluka pa malo oopsa, ndipo malamulo a ntchito yomanga a 2014 anaika udindo wa chitetezo pa mwini ntchito, pa wojambula mapulani ndi pa kontilakitala.

Zonsezi zinalipo pa 6 May 2024. Ndipo machenjezo a m'mbuyo analiponso: mu November 2013 nyumba ya masitolo inagwa ikumangidwa ku Tongaat, kufupi ndi Durban, nipha anthu awiri, mu October 2015 zitsulo zochirikiza mlatho wa oyenda pansi zinagwera mu msewu waukulu pa Grayston Drive ku Johannesburg, niziphanso awiri. Lamulo lipereka ufulu, koma ufulu wokana ntchito yoopsa ugwiritsidwa ntchito ndi munthu yekhayo amene akhulupirira kuti mawa adzalowanso pachipata. Chikhulupiriro chimenecho sichilembedwa m'buku la malamulo. Chimangidwa tsiku ndi tsiku ndi machitidwe a kapitawo ndi a bwana wake.

Phala la ku London

Kuti kuoneke kuti machitidwe amenewa angathe kusinthika, nkoyenera kuyang'ana ntchito ina yaikulu imene inayenda mosiyana. Pokonzekera masewera a Olympic a 2012, dziko la Britain linamanga mabwalo, nyumba, milatho ndi misewu ku Stratford, kum'mawa kwa London. Anthu okwana ngati 46,000 anagwirako ntchito pa zaka zonse za kumangako, ochokera m'mitundu yambiri ndi olankhula zilankhulo zambiri, ndipo palibe mmodzi amene anafa pa ngozi ya ntchito.

Bungwe la Boma limene linali mwini ntchitoyo, la Olympic Delivery Authority, linaika mtima pa zinthu zooneka ngati zazing'ono. Tsiku lililonse, ntchito isanayambe, kapitawo anali kusonkhanitsa gulu lake ndi kukambirana nalo ntchito ya tsikulo ndi zoopsa zake. Akapitawo anaphunzitsidwa kalankhulidwe ndi anthu, pakuti kunazindikirika kuti khalidwe la pa malo lichokera kwa iwo. Antchito analimbikitsidwa kunena ngozi zimene zatsala pang'ono kuchitika, monga njerwa yogwa popanda kugwera munthu, ndipo wonena anali kuyamikidwa. Aliyense anauzidwa kuti angathe kuimitsa ntchito imene aiona kuti njoopsa. Kwa iwo osadziwa bwino Chingerezi, zithunzi zinagwiritsidwa ntchito posonyeza njira yoyenera ndi yosayenera. Pamalo pomwepo panayambika mu 2008 ntchito yotchedwa Women into Construction, yothandiza amayi kuphunzira umisiri ndi kulembedwa ntchito.

Nkhani imene ikumbukika koposa ndi ya phala. Oyang'anira umoyo anaona kuti ngozi zazing'ono zinali kuchuluka pa ola lotsogolera chakudya cha masana. Atafufuza anapeza kuti antchito ambiri anali kufika osadya kanthu m'mawa, ndipo pofika nthawi imeneyo maganizo awo anali pa mimba. Tsono kunakonzedwa kuti phala lizigulitsidwa m'mawa pa mtengo wotsika wa paundi imodzi. Mphunzitsi aliyense wa sukulu ya pulayimale imene ilandira phala la ana adzamvetsa nzeru imeneyi popanda kufotokozeredwa. Chofunika kuchiona nchakuti vutolo linapezeka chifukwa wina anafunsa antchito za moyo wawo, ndipo anamvera yankho.

Adzanena ena kuti London inali ndi chuma chimene George analibe, ndipo chimene Lilongwe kapena Mzuzu alibe. Pamenepo pali choonadi, ndipo sikuyenera kukanidwa: zipatala za pa malo a ntchito ndi makina abwino zifuna ndalama. Koma kaundula wa pachipata afuna buku ndi cholembera. Msonkhano wa m'mawa ufuna mphindi khumi. Kuyamika munthu wonena za mng'alu sikufuna tambala. Kusiyana kwenikweni kunali kwakuti ku London mwini ntchito ndiye anafuna zimenezi, naziika m'mapangano, nayendera malo kukaona ngati zili kuchitika. Kontilakitala atsata chimene womulipira ayang'ana. Akaona kuti womulipira afunsa za tsiku lomaliza lokha, iyenso athamangitsa anthu ake pa tsiku lomaliza lokha.

Za kuno kwathu ku Malawi

Mfundo imeneyi ikhudza ogwira ntchito m'Boma mwachindunji, pakuti m'dziko lino Boma lili mwa eni ntchito aakulu koposa a zomangamanga. Misewu, milatho, zipatala, midadada ya sukulu, nyumba za aphunzitsi ndi za apolisi, misika ya makhonsolo, zonsezi zidutsa m'manja mwa mkulu wina wa ofesi amene alemba pangano, ndi wina amene asayina kuti ntchito yafika poyenera kulipidwa. Malamulo a dziko lino sanasiye malo opanda kanthu. Lamulo la chitetezo, umoyo ndi ubwino wa anthu pa ntchito la 1997 linaika pa wolemba ntchito udindo wosamala antchito ake, wowapatsa zovala zodzitetezera ndi wodziwitsa Boma za ngozi. Lamulo la 1996 linakhazikitsa bungwe la National Construction Industry Council kuti lilembetse makontilakitala ndi kuyang'anira ntchito yawo. Lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito linadza mu 2000, ndipo lamulo la zolembana ntchito la chaka chomwecho linaletsa kusankha anthu chifukwa cha mtundu, chilankhulo, dziko lochokera, ulumali, kapena chifukwa chakuti ndi amuna kapena akazi.

Komabe munthu woyenda m'mizinda ndi m'maboma aona yekha anyamata ali pa nsanja ya mitengo ya bulugamu yomangidwa ndi misomali yowongola, atavala nkhwaila kapena masilipasi, ali kusakaniza simenti ndi manja osavala kanthu. Zipewa zolimba zituluka m'sitolo tsiku lobwera alendo, nizibwerera madzulo. Woyendera ntchito wochokera ku ofesi afikira kwa kontilakitala, nayenda naye, namwa naye tiyi, nachoka osalankhula ndi wantchito ngakhale mmodzi. Kuyendera kotere nkwaulemu, koma ming'alu siikupezeka nako. Woyendera wanzeru apempha kuona kaundula wa tsikulo ndi kuwerenga mitu ya anthu. Apatuka ndi anthu awiri kapena atatu kutali ndi kapitawo, nawafunsa m'chilankhulo chawo, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, chimene chiwaopsa pa malopo. Ndipo pa ntchito zimene oyang'anira ake ndi ochokera kunja, osadziwa chilankhulo cha kuno, afunsa ngati womasulira alipo tsiku lonse, ndi ngati amasulira mbali zonse ziwiri kapena mbali yotsika yokha.

Za amayi nzofunika kuzitchula pa zokha. Nkulakwa kunena kuti amayi sagwira ntchito yomanga m'dziko lino. Ndiwo atunga madzi a matope kuyambira m'bandakucha, asenza mchenga ndi njerwa pamutu, aswa miyala m'mbali mwa misewu. Ntchito yolemera ali nayo kale. Chimene asowa ndicho dzina m'kaundula, malipiro olingana ndi a amuna pa ntchito yolingana, ndi khomo lolowera ku umisiri weniweni. Pa malo ambiri palibe chimbudzi chawo chapadera, ndipo jombo ndi ovolosi, zikapezeka, ndi za msinkhu wa amuna, zimene zikodwa ndi kupunthwitsa. Choipa koposa ndi kapitawo wogulitsa ganyu ndi thupi la munthu. Lamulo la 2013 la kusasiyanitsa amuna ndi akazi linaletsa nkhanza zotere, nilifuna kuti olemba ntchito akhale ndi njira yolandirira madandaulo. Nkhani imeneyi siili patali ndi ya nsanamira. Malo amene mayi sangathe kunena za kapitawo womugwiragwira ndi malo omwewo amene mnyamata sangathe kunena za nsanja yogwedera, pakuti mantha ake ndi amodzi, ndipo munthu woopedwayo ndi mmodzi. Kontilakitala amene atsegula njira ya dandaulo loyamba watsegula ya lachiwiri.

Aphunzitsi ali ndi mbali ziwiri pa nkhaniyi. Yoyamba ndi ya iwo a m'masukulu a umisiri monga Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Akapitawo a mawa ali m'manja mwawo lero, ndipo ena mwa ophunzira awo adzatsata njira ya ku Joni monga anachitira anzawo. Mwana amene waphunzira kuwongola khoma ndi chingwe ayenera kuphunziranso kuti mng'alu wa m'nsanamira sumatidwa koma unenedwa, kuti ali ndi ufulu wochoka pansi pa denga lokayikitsa, ndi kuti tsiku limene adzakhala woyang'anira, munthu wobwera ndi uthenga woipa ndiye wantchito wake wofunika koposa. Mbali yachiwiri ndi ya aphunzitsi aakulu a masukulu amene pali kumangidwa mdadada. Iwowa, pamodzi ndi komiti ya sukulu, ndiwo maso a Boma amene ali pa malo tsiku ndi tsiku, pamene injiniya wa khonsolo afika mwa apo ndi apo. Safunika kukhala akatswiri kuti aone ngati maenje a maziko atchingidwa kuti ana asagweremo, ngati matumba a simenti ali kuchepa usiku, kapena kuti amve zimene amisiri anong'ona pa nthawi ya nsima. Chimene amva achilembe, nachitumize ku ofesi ya Bwanamkubwa, nasunge kalata yake. Pakuti ana amene adzakhala pansi pa denga limenelo zaka makumi atatu ndi awo.

Pa msonkhano wa mu July 2025 uja, Bambo Macpherson analonjeza kusintha malamulo a zomangamanga, ndiponso kukhazikitsa nambala ya lamya imene wantchito angathe kuimbapo ndi kunena za ngozi popanda kutchula dzina lake. Ganizo lobisa dzina lisonyeza kuti Boma la dzikolo lazindikira pamene panagona vuto. Akuluakulu a ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria, ndi magulu a Amalawi okhala ku Western Cape, angachite bwino kukumbutsa eni ake pempho lija la khonsolo ya George, kuti woyankha lamya yotere akhale wokhoza kumva Chichewa, Chipwitikizi ndi Chishona.